Mababu Ogunda Ngati Mtima: Kuunika Luso la Rafael Lozano-Hemmer

Munthu amayenda ndi mtima wake kuyambira ali m'mimba mwa amayi ake mpaka tsiku lotsikira kulichete, komabe ndi oŵerengeka amene amaima n'kuumvetsera. Timaukumbukira pokhapokha tikathamanga, tikachita mantha kapena tikagona m'chipatala. Mmisiri wina wa ku Mexico, Rafael Lozano-Hemmer, adakonza chipinda choti munthu akaloŵamo aone ndi maso m'mene mtima wake ukugundira. Chipindacho adachitcha Pulse Room, kutanthauza chipinda cha kugunda kwa mtima, ndipo adachionetsa koyamba mumzinda wa Puebla m'chaka cha 2006.

Mkuluyu adabadwira ku Mexico City m'chaka cha 1967 ndipo adachita maphunziro a sayansi pa yunivesite ya Concordia ku Montreal, m'dziko la Canada. Sagwira utoto kapena sompho monga amachitira amisiri amene tidaazoloŵera. Zida zake ndi magetsi ndi makompyuta. M'chaka cha 2007 adaimira dziko la Mexico pa chionetsero chachikulu cha luso ku Venice, ndipo chipinda chomwechi chidali chimodzi mwa zimene adapita nazo.

M'chipindamo muli mdima. Kudenga kwalendeŵera mababu pakati pa 100 ndi 300, malinga ndi kukula kwa malo, ndipo babu lililonse likuphethira pa liŵiro lakelake. Chakumapeto kuli zogwirira ziŵiri zachitsulo. Mlendo akazifumbata, kompyuta imamva kugunda kwa mtima wake n'kuyamba kuphethiritsa babu lapafupi molingana ndi kugundako. Akazisiya, magetsi onse amazima kwa kamphindi, kenaka kugunda kwake kumaloŵa m'babu loyamba pamzere, ndipo kwa anthu amene adabwera iye asanafike kumasunthira patsogolo, aliyense babu limodzi. Amene adali kumapeto kwenikweni kwa mzere alibenso koloŵera: kuŵala kwake kumathera pomwepo.

Mwini luso amatchula zinthu ziŵiri zimene zidamupatsa ganizoli. Choyamba, mkazi wake ali woyembekezera mapasa, adamva timitima ta anawo tikugunda kudzera m'makina a kuchipatala, kalikonse pa liŵiro lake. Chachiŵiri ndi filimu ya ku Mexico ya m'chaka cha 1960 yotchedwa Macario, yokonzedwa ndi Roberto Gavaldón. M'filimuyo mmphaŵi wina wotola nkhuni amapezeka m'phanga lodzaza makandulo oyaka, ndipo kandulo iliyonse ikuimira moyo wa munthu mmodzi. Choncho kubadwa ndi imfa zonse zili pa tsinde la ntchitoyi.

Kwa ine, mphamvu ya Pulse Room yagona pa kusuntha kwa mzere kuja. Makina oŵerenga kugunda kwa mtima ngosadabwitsa, pakuti ali m'zipatala zambiri. Ndikadali pa ntchito yauphunzitsi, ndinkauza ana kuti athamange kuzungulira bwalo, kenaka agwire mtsempha wa padzanja n'kuŵerenga; ankaseka, n'kulemba nambala m'makope, n'kuiŵala. Lozano-Hemmer sapereka nambala. Amaonetsa mlendo moyo wake uli pakati pa miyoyo ya anthu ena amene sadzaadziŵa, wina wogunda mofulumira, wina mwapang'onopang'ono, ndipo mlendoyo amazindikira yekha kuti pamene wapeza malo, wakankhira wina kunja. Nayenso adzakankhidwa akabwera anthu okwanira pambuyo pake. Palibe chikwangwani chomulalikira zimenezi. Amangoima chete, manja ali pa chitsulo, n'kuyamba kumva mpweya wake ukuloŵa ndi kutuluka. Kumeneku ndiye kukhazika mtima pansi kumene ambiri amakufunafuna masiku ano, ndipo pano kwabwera kudzera m'makina omwewo amene timaŵadandaula kuti amabalalitsa maganizo.

Mmisiriyu adasankhanso bwino mtundu wa mababu. Adatenga akale aja agalasi loonekera, okhala ndi kawaya kamene kamafiira kakatentha. Kawayako sikayaka kapena kuzima mwadzidzidzi. Kamayamba kufiira, n'kuŵala, n'kuzirala pang'onopang'ono, mofanana ndi laŵi la kandulo ya m'phanga la Macario. Kuphethira kotereku kumakhala kofeŵa ngati kwa chinthu chamoyo.

Komabe ntchitoyi ili ndi zofooka zake. Zogwirira zija zimalandira munthu mmodzi pa nthaŵi imodzi, motero pakakhala chinamtindi cha anthu, wogwirayo amadziŵa kuti kumbuyo kwake kuli ena amene akumudikira ndi kumuyang'ana. Mtima umene makinawo amajambula pamenepo ndi wa munthu womangika, osati wodekha. Vuto lina lidabwera ndi nthaŵi. M'chaka cha 2006 mafoni ojambula bwino adali asanafale. Pofika 2018, pamene chipindachi chidaonetsedwa ku Hirshhorn Museum mumzinda wa Washington, pafupifupi mlendo aliyense adali ndi kamera m'thumba. Mababu mazana ophethira mumdima ngokongola zedi pa chithunzi, ndipo kukongolako kungathe kukoka munthu kuti ayang'ane pa foni m'malo moyang'ana kudenga. Mlandu umenewu suli wa mmisiri yekha, koma iye adaika nyambo imene imakopa maso msanga kuposa maganizo.

Pali funso linanso limene sindifuna kulilumpha. Kugunda kwa mtima ndi chinsinsi cha thupi la munthu, ndipo m'chipindamu timakupereka kwa kompyuta mosanyinyirika chifukwa chakuti zotsatira zake n'zosangalatsa. Lozano-Hemmer amalidziŵa vutoli, pakuti ntchito zake zambiri zimakamba za makina olondalonda anthu. M'Pulse Room adaliyankha mwa njira imodzi yokha: babu silinyamula dzina kapena nkhope ya munthu, ndipo pakadutsa alendo ena 100 kapena 300, kugunda kuja kumachoka padengapo.