Bakha wa Mtengo ndi Zosema za ku Mua

Pali zosema za mitundu iwiri. Zina mmisiri amazisema kuti zigwire ntchito, monga mtondo, mthiko, ng'oma ndi bwato. Zina amazisema kuti anthu azingoziyang'ana, monga njovu za phingo zogulitsidwa m'mbali mwa misewu. Koma nthawi zina chinthu cha mtundu woyamba chikakalamba chimasamukira ku mtundu wachiwiri: chimachotsedwa pa ntchito yake, nichiikidwa poonekera, ndipo anthu amayamba kuchitama kuti ndi luso. Kodi kusamuka kotere kumachipindulitsa chinthucho, kapena kumachilanda moyo? Funso limeneli liyenera kulingaliridwa ndi aliyense wokonzekera kuphunzitsa ntchito zamanja, makamaka iye amene tsiku lina adzatsogolera ana kukaona nyumba ya Chamare ku Mua.

Chitsanzo chomveka bwino chichokera kutali, ku America. Alenje a kumeneko ankasema abakha a mtengo, nawapaka utoto, nawakhomera mtovu kumimba kuti asagadabuke, ndi kuwayandamitsa pamadzi. Abakha am'thengo poona anzawo ali phee pamadzipo ankayesa kuti pamalopo mpamtendere, natera pafupi ndi mfuti. Nzeru imeneyi idayamba ndi eni dziko Azungu asanafike, pakuti m'chaka cha 1924 m'phanga la Lovelock, ku Nevada, mudapezeka abakha 11 olukidwa ndi zomera za m'dambo, amene adakhala zaka pafupifupi 2,000. Lamulo la 1918 litaletsa malonda a mbalame zosamukasamuka, ndipo pambuyo pake abakha apulasitiki atachuluka, abakha a mtengo aja adasowa ntchito. Pamenepo mpamene anthu ena adayamba kuwasonkhanitsa. Joel Barber wa ku New York adalemba buku la Wild Fowl Decoys mu 1934, nasonyeza kuti alenje osapita kusukulu ya luso adali amisiri enieni. Mitengo yake idakwera koopsa, kotero kuti mu 2007 mbalame ziwiri zosemedwa ndi Elmer Crowell wa ku Massachusetts, amene adamwalira mu 1952, zidagulidwa pa madola 1,130,000 iliyonse.

M'mbiri imeneyi muli phindu ndiponso chitayiko. Phindu nlakuti maina a amisiri adasungika, ndipo zinthu zimene zikadasanduka nkhuni zidapulumuka. Chitayiko nchakuti bakha adasemedwa kuti aweruzidwe ndi maso a bakha mnzake, ali patali, pamafunde. Tsopano aweruzidwa ndi maso a munthu wachuma, ali pafupi, pathebulo. Ndiponso pamene ukalamba wa chinthu usanduka ndalama, pamabuka anthu okalambitsa dala zinthu zatsopano, monga amachitira ogulitsa ena a ziboliboli za mu Africa pozifukiza ndi utsi kapena kuzikwirira m'dothi.

Ndi muyeso umenewu tsono nkotheka kuyesa ntchito ya ku Mua. Mishoniyi idatsegulidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe, m'dziko la Angoni a Kachindamoto, pakati pa Achewa ambiri. Kwa zaka zambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1920, ansembe ndi anthu a nyau adali pa mkangano waukulu wolimbirana ana, monga adafotokozera Ian Linden m'buku lake la 1974. Chodabwitsa nchakuti pamalo omwewo Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adafika m'Malawi mu 1967 napatsidwa mfunda wa Chisale, adakhazikitsa malo a luso ndi chikhalidwe a KuNgoni mu 1976. Nyumba ya Chamare idatsegulidwa mu 2000, ndipo dzina lake ndilo katchulidwe ka anthu a kumeneko ka dzina la mmishonale Champmartin. Ili ndi zipinda zitatu: china cha mbiri ya mishoni, china cha Achewa, china cha Angoni ndi Ayao. M'chipinda cha Achewa muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400.

Choyamikirika choposa zonse pa Chamare si kuchuluka kwa zigobazo, koma kuti sizidasonkhanitsidwe zopanda mawu. Wosonkhanitsa wamba amafunsa kuti, chinthu ichi nchakale motani, nanga mtengo wake ngwotani? Bambo Boucher adafunsa mafunso ena: gule uyu dzina lake ndani, amavina pa mwambo wanji, nanga amalangiza chiyani? Mayankho ake adawasunga m'buku la When Animals Sing and Spirits Dance, lotuluka mu 2012. Potero munthu woona Chadzunda, Maliya kapena Simoni wofiira nkhope sangoona mtengo wopakidwa utoto, koma amamva kuti kuseri kwake kuli mwambo wa mudzi. Pamenepa Mua adaposa osonkhanitsa ambiri a zosema, amene amasamala za mtengo kuposa tanthauzo.

Komabe pali mawu awiri oyenera kunenedwa mosabisa. Oyamba ngakuti chigoba sichifanana ndi bakha wa mtengo. Bakha adalowa m'nyumba zosungiramo zakale ntchito yake itachepa. Gule Wamkulu ngwamoyo, amavinidwabe pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, ndipo bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Chigoba chopachikidwa chilibe mbalule, chilibe amayi ovomereza nyimbo, chilibe fumbi la pabwalo. Mmisiri adachisema kuti chioneke chikuyenda, mwina madzulo, mwina usiku, osati chitaima poyera. Ndiponso mwa mwambo wakale zilombo zolukidwa, monga Kasiyamaliro, zinkatenthedwa mwambo ukatha. Kuzisunga, ngakhale ndi mtima wabwino, ndiko kusintha chimene eni ake adafuna. Choposa apo, zinthu zimenezi nzakudambwe, ndipo kwa makolo ambiri si zoti mwana wosavinidwa azione popanda chilolezo. Mphunzitsi wolowetsa ana m'chipindamo asanakambirane ndi makolo ndi mfumu angathe kudzutsa mkangano womwe uja wa sukulu ndi mudzi umene udavuta kale.

Mawu achiwiri akhudza anthu onse okonda zosema, osati Mua yekha. Maso a alendo amathamangira zigoba ndi ziboliboli zonyezimira, pamene zofanana kwenikweni ndi bakha uja zili kuseri kwa nyumba, zikudyedwa ndi chiswe. Ndizo chipande, mthiko, munsi, nkhafi, bawo ndi mtondo wong'ambika. Zimenezi nzimene zikulandidwa malo ndi pulasitiki ndi chigayo, monga momwe bakha adalandidwira malo ake. Akulu adati tsobola wakale sawawa, ndipo mwambiwu ukukwanira pa ziwiya zimenezi: palibe wozisamala, palibenso wokumbukira dzina la amene adazisema. Komatu m'chipande chabwino muli nzeru yoyesedwa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Kuya kwake kumaumba mtanda wa nsima, chogwirira chake chimateteza dzanja ku nthunzi, ndipo mayi wochigwiritsa ntchito ndiye woweruza wosanyengeka. Njovu yopakidwa polishi ingathe kukhala chikomekome cha nkhuyu, koma chipande choipa chimadziwika tsiku lomwelo.

Izi sizitanthauza kuti zosemera maso nzachabe. Amisiri ophunzitsidwa ku KuNgoni adakongoletsa matchalitchi m'Malawi ndi kunja, nasema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za Chiafirika, ndipo ntchitoyo idadyetsa mabanja ambiri a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka. Zimenezo nazo zili ndi ntchito yake, ndiyo yothandiza munthu kupemphera. Chofunika nchakuti chosema chilichonse chiyesedwe ndi cholinga chake. Ndiponso wotama luso asaiwale nkhalango, pakuti phingo amakula pang'onopang'ono, ndipo kuyambira 2017 malonda ake opita kunja adaikidwa pansi pa malamulo a pangano la CITES.

Potero mphunzitsi wofuna kusunga zosema pasukulu pake achite mwanzeru. Asapemphe kapena kugula kanthu kalikonse ka kudambwe. Asalande chiwiya chimene mwini wake akuchigwiritsabe ntchito. Ana angochijambula ndi kuchiyesa utali. Chimene chatayidwa achipemphe mwaulemu, ndipo ana alembe m'Chichewa chomveka mayankho a mafunso asanu awa: dzina la chinthucho, amene adachisema ndi mudzi wake, mtengo umene adasemera, zida zimene adagwiritsa ntchito, monga kasemasema ndi sompho, ndi ntchito imene chinkagwira. Phunziro lotere limaphatikiza ntchito zamanja, chiyankhulo ndi mbiri, ndipo silifuna ndalama. Limasonyezanso mwana kuti agogo ake osadziwa kulemba adali ndi maphunziro awo. Anthu a ku America adazindikira amisiri awo ambiri a iwo atapita kale. M'midzi ya kunyanja osema mitondo ndi mabwato akalipo, ndipo angathe kufunsidwa okha.