Njobvu Zaculuka pa Makhadi Athu

Wacinyamata akatsiriza Giredi 12 ndipo nchito siikuoneka, amayamba kufunsa cimene manja ake angathe kucita. Ena mwa anzathu a m'magulu a acinyamata ku Chunga ndi ku Matero asankha kudinda zithunzi ndi makhadi ali panyumba, n'kumagulitsa. Maganizo amenewa ine ndiwayamikira. Zipangizo zake n'zocepa: cidutswa ca lino kapena kathabwa kosalala, tizitsulo tosemera, inki, rola, mapepala ndi supuni yotikitira pamsana pa pepala kuti inki igwire. M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, osindikiza ndi makina m'tauni anali kudikira kapena kuonongera ndalama pa mafuta a jenereta, koma wodinda ndi supuni anangoturutsa thebulo pakhonde n'kupitiriza. Nchitoyo ndiribe nayo mlandu. Mlandu wanga uli pa zimene tikudinda.

Pitani ku Kabwata Cultural Village mumseu wa Burma, kapena ku msika wa pa Sondo ku Arcades, muyang'ane zithunzi za pamapepala ndi pansalu. Mudzaona njobvu. Mudzaona nyamalikiti ziwiri zitaima pansi pa mlambe, dzuwa lofiira likulowa kuseri kwake. Mudzaona mai wosenza mtsuko, wopanda nkhope, wautali ngati bango. Thebulo lotsatira, njobvu yomweyo. Tsopano acinyamata athu akamayamba kudinda, atengera zomwezi, ngakhale kuti ambiri a iwo sanapondepo ku Mfuwe ndipo njobvu anaiona pafoni cabe. Cimaoneka m'cithunzico: miyendo iri ngati mizati ya nyumba, khutu liri ngati tsamba la nthoci, ndipo nyamayo siyenda, siipuma, iribe kulemera. Munthu sangaseme bwino cinthu cimene maso ake sanacizolowere.

Cifukwa cake ndicidziwa, ndipo sindicipeputsa. Mlendo wocokera kunja afuna kanthu konena kuti anafika ku Africa, ndipo njala siidikira luso. Koma ngakhale pa malonda penipeni, njirayi ndi yotayitsa. Anthu khumi akamagulitsa cithunzi cimodzi, cosiyanitsa cimatsala mtengo basi, ndipo wogula amatsitsa mpaka ndalama ya pepala osabwerera. Amisiri a ku Kabwata akhala pamalo paja kuyambira 1974, pamene nyumba zozungulira zimene boma la atsamunda linamangira anchito zinapatulidwa kukhala mudzi wa zaluso. Adziwa makasitomala ao, ndipo salipira basi kuti akafike pa msika. Iwe wa ku Chunga ukwera minibasi kufika m'tauni, ukwerenso ina, kuti ukapikisane nao pa njobvu? Ungapambane bwanji?

Cimene ambiri a ife sitinauzidwe kusukulu n'cakuti Lusaka ali ndi mbiri yake ya kudinda zithunzi, ndipo mbiriyo siinayambire pa nyama za m'chire. Mai Cynthia Zukas, amene anabadwira ku Cape Town mu 1931 nabwera kukhala muno Zambia atangolandira ufulu, anali wodinda zithunzi, ndipo anathandiza kuti pa Evelyn Hone College pakhale makina odindira amene amisiri osauka akanatha kugwiritsa nchito. M'zaka za m'ma 1970 panali kagulu kochedwa Lusaka Artists Group, m'mene munali a David Chibwe, a Fackson Kulya ndi a Patrick Mweemba. Anthuwa sanali olemera. Anasankha lino cifukwa cimodzimodzi ndi canu: njochipa, ndipo cosema cimodzi cimabala zithunzi zambiri zogulitsa pa mtengo umene munthu angakwanitse. Koma anasema anthu: misika, magule, nthano, anthu pa nchito. Mu 1986 Mai Zukas, a Henry Tayali ndi Mai Bente Lorenz anayambitsa Lechwe Trust, bungwe limene lakhala likugula ndi kusunga nchito za amisiri a dziko lino kuti zisathere kunja.

Pa onsewa ndifuna ticedwe pa a Tayali. Anabadwira ku Serenje mu 1943, nakulira ku Bulawayo, naphunzira ku Makerere ku Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany, namwalira mu 1987. Ambiri adziwa cosema cao ca womaliza maphunziro cimene ciri pa yunivesite ya UNZA mumseu wa Great East, koma kwa inu odinda cofunika ndi zithunzi zao zosema pa thabwa. Muli anthu othithikana, a m'tauni, otopa, ena pa mowa, ena pa nchito. Mizere yake njokhuthala ndi yaukali, ngati kuti citsulo cinali kulimbana ndi thabwa. Nkhope zina n'zopotoka dala. Sindinena kuti zonse n'zosavuta kuziona. Pali zina zimene mdima waculuka kotero kuti diso limasocera lisanapeze poyambira, ndipo amene afuna kokongoletsera pabalaza angazipitirire. Koma ukaima patsogolo pake udziwa kuti wosemayo anaimapo pakati pa anthuwo, anamva fungo la thukuta lao. A Tayali anaphunzira ku Ulaya, akanatha kujambula ciriconse, koma anabwerera kwa munthu wa m'komboni. Ife amene tikhala m'komboni momwemo ndiye tithawira ku mlambe.

Dandaulo limodzi pa m'badwo umenewo ndi lakuti ogula ao ambiri anali a ku Kabulonga ndi Woodlands, ndi alendo amene ananyamula zithunzizo kupita nazo kwao. Anthu amene anajambulidwa sanazione kawirikawiri. Lero ciliko cowiringula cocepa. Nyumba ya zithunzi ya Henry Tayali iri ku Showgrounds kuyambira 1995, Lusaka National Museum inatsegulidwa mu 1996, ndipo a Lechwe Trust anatsegula nyumba yao mumseu wa Lagos ku Rhodes Park mu 2018. Atsogoleri a acinyamata, ngati mupeza ndalama ya basi yopitira ku mpira wa mipingo, ya ulendo uwu simungaisowe.

Ife a mpingo tiri ndi citsanzo cina cimene ciyenera kuticititsa manyazi pang'ono. Ku South Africa, mpingo wa Lutheran unali ndi sukulu ya zaluso ku Rorke's Drift, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960 ndi thandizo la aphunzitsi ocokera ku Sweden. Kumeneko a Azaria Mbatha anasema nkhani za m'Baibulo pa lino, anthu ake ali Azulu, obvala ndi kukhala monga Azulu. Kumenekonso kunaphunzira a John Muafangejo a ku Namibia, amene anabadwa ndi kumwalira zaka zofanana ndi a Tayali, 1943 ndi 1987. Iwo anasema za mpingo wao wa Anglican, za ng'ombe ndi makola a kwao, za moyo wao womwe, ndipo anali kusema ndi mau omwe m'kati mwa cithunzi, wakuda ndi woyera cabe. Zilembo zao n'zokhotakhota, Cizungu cao si ca m'buku, koma palibe angasokoneze nchito yao ndi ya munthu wina. Lero zithunzi zao zisungidwa m'nyumba zazikulu za zaluso m'maiko ambiri.

Tsono yerekezani ndi makhadi a Khirisimasi ndi a ubatizo amene magulu athu amadinda. Yesu wa tsitsi lalitali lofewa, wotengedwa pa intaneti. Mabelu, makandulo, ndi mtengo wa cipale cofewa m'mwezi wa Disembala pamene kuno mvula iri mkati ndipo anthu ali kupalira cimanga. Manja awiri opemphera amene tinawaona kale pa makalenda zana. Kodi Mariya ndi Yosefe sangaoneke ngati banja limene lasowa malo ogona pa Intercity usiku? Kodi Msamariya wacifundo sangakhale wa njinga ya makala? Ena adzati kutero n'kucepetsa zinthu zopatulika. Ine ndiona kuti kucepetsa kweni-kweni ndi kukopera mosaganiza, cifukwa cithunzi cokopedwa sicimuimitsa munthu kuti aganize za Mau. Ndipo pali lamulo. Copyright and Performance Rights Act ya 1994 imateteza nchito za amisiri, ndipo kutenga cojambula ca wina n'kumacigulitsa ngati cako ndi kuba, ngakhale pansi pake utalembapo vesi.

Wina afunsa kuti, nanga ku Chunga kuli ciani cojambula? Anthu a ku maiadi akamva dzinali amaganiza za manda ndi za dzala lalikulu kumene mzinda wonse umatayira zinyalala. Koma ndiye cuma ca wosema cimeneco. Lole yopita ku manda, amai a Cigwirizano atabvala yunifomu yao, akuimba atagwirana mapewa kuti asagwe: woyera wa mabulauzi ndi wakuda wa masiketi, lino anapangidwira zimenezi. Anthu otola mabotolo pa dzala, matumba akuluakulu kumsana, utsi uli kumbuyo. Mzere wa zigubu pa mpope m'mawa. Kondakitala atalendewera pa citseko. Izi palibe wa ku Kabwata angazijambule kuposa iwe, ndipo palibe kompyuta ya mumseu wa Cairo iri nazo. Cenjezo langa ndi limodzi: otola pa dzala aja ndi anansi athu, ena tipemphera nao. Asemeni monga anthu a pa nchito, osati monga zomvetsa cisoni zogulitsa kwa olemera. Ndipo ngati nkhope ya munthu idzazindikirika, yambani mwapempha.

Kodi zotere zingagulidwe? Sindilonjeza kuti mlendo aliyense adzasiya njobvu. Koma wogula amene amakonda zithunzi amatopa nazo zofanana, ndipo amaima pamene waona cacilendo. Komanso msika suli ku Kabulonga kokha. Makhadi a ukwati, a kicheni pate, a cikumbutso ca maliro, masikipa a msonkhano wa acinyamata, zonsezi zifunika konkuno mwezi ndi mwezi, ndipo wogula wake safuna basi kuti umupeze.

Tsopano za kasemedwe, pakuti nkhani yabwino siipulumutsa dzanja laulesi. Colakwa cimene ndiona kawirikawiri ndi mantha a wakuda. Woyamba amasema mizere yopyapyala ngati akulemba ndi bolopeni, n'kucotsa zonse zozungulira, cithunzi n'kutuluka cotuwa. Pa lino cimene wasema cimatuluka coyera, cimene wasiya cimatuluka cakuda, ndipo mphamvu iri m'malo akulu akuda amene walimba mtima kuwasiya. Zilembo zisemedwa cam'mbuyo monga zionekera pa kalilole. Khadi limene S wayang'ana kolakwika lisagulitsidwe, ngakhale pa theka la mtengo. Inki yoculuka imatseka timizere n'kutuluka m'mbali. Inki ya mafuta imatenga masiku kuti iume, ndipo ndi fumbi la Ogasiti kuno kwathu, pepala losiyidwa poyera limasanduka sandipepa. Mangani cingwe m'nyumba, mupacike ndi mapegi, mutseke windo. Zala zodetsedwa m'mphepete mwa pepala zimauza wogula kuti mwini sanailemekeze nchito yake.

Pali mwambo wina wa odinda umene acinyamata athu autenga mwa theka. Pansi pa cithunzi amalemba ndi pensulo, mwacitsanzo 3/20, kutanthauza cacitatu mwa makumi awiri, ndipo akasaina. Nambala imeneyo ndi lonjezo lakuti zoposa 20 sizidzakhalako, ndipo n'cifukwa cake wogula amalipira zambiri kuposa fotokope. Odinda okhulupirika akatsiriza amakanda cosemaco kuti cisagwirenso nchito. Kulemba 3/20 n'kudindanso zina 50 cifukwa zayenda malonda ndi muyeso wonyenga umene Miyambo 11:1 itsutsa. Ngati mufuna kudinda mopanda malire, monga makhadi, palibe colakwa, koma musalembe nambala.

Mau otsiriza apite kwa akulu a mpingo ndi makomiti. Mnyamata akadinda masikipa a kwaya, timakonda kunena kuti acitire Ambuye, pamene wa tenti ndi wa zokuzira mau tiwalipira osatsutsa. Inki amagula m'tauni ndi ndalama, pepala labwino n'lodula, ndipo kusema khadi limodzi kungadye masiku awiri. Inunso odinda, lembani m'kabuku mtengo wa pepala, wa inki, wa basi, wa thebulo pa msika, ndi wa mapepala amene aonongeka, musanachule mtengo kwa munthu. Ngati mufuna kupereka mphatso ku mpingo, perekani mutadziwa kuti ndi ya ndalama zingati, ndipo mlembi wa komiti ailembe m'buku monga alembera thumba la simenti.