Impso ya M'bale: Zimene Kampeni Ikunena ndi Zimene Ikusiya

Chaka chilichonse, Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Malichi, maiko amakumbukira tsiku la impso. Mwambowu unayamba m'chaka cha 2006, ndipo kuchokera pamenepo mauthenga opempha anthu kuti athandize odwala impso akhala akuchulukirachulukira. Ena mwa mauthengawa analembedwera ife Asilamu. Amatifikira pa wailesi, pa timapepala, makamakanso m'mavidiyo amene abale athu okhala ku Leicester, ku London kapena ku Johannesburg amatitumizira pa WhatsApp. Mfundo yake ndi imodzi: Msilamu akhoza kupereka impso, ndipo akatero wachita sadaka yaikulu. Cholinga chimenechi sitikulimbana nacho. Chimene tikufuna kuyeza pa sikelo ndi kalankhulidwe ka kampeniyi, ngati kakufikadi pakhomo la msodzi wa ku Makanjira, la mayi wogulitsa usipa ku Senga Bay kapena la mwalimu wa madrasa ku Nkhotakota.

Tiyambe ndi zimene kampeniyi yachita bwino. Yachotsa manyazi pa nthenda imene ambiri ankaibisa. Munthu akatupa mapazi ndi nkhope, mkodzo n'kuchepa, kale anthu ankathamangira kunena kuti waponda mankhwala kapena walodzedwa. Lero ambiri akudziwa kuti impso ndizo zimasefa magazi ndi kutulutsa zoipa kudzera mu mkodzo, ndipo zikafooka madzi ndi zoipazo zimatsalira m'thupi. Yaphunzitsanso kuti Allah anatipatsa impso ziwiri, ndipo munthu wathanzi akhoza kukhala zaka zambiri ndi imodzi. Zimenezi zinatsimikizika kalekale. Mu Disembala 1954, mumzinda wa Boston ku America, dokotala Joseph Murray anaika impso ya mnyamata wina m'thupi la mnzake amene anabadwa naye mapasa, ndipo woperekayo anakhala ndi moyo mpaka ukalamba. Kudziwitsa anthu zoona zotere ndi ntchito yoyenera kuyamikidwa.

Chofooka choyamba chili pa momwe kampeniyi imagwirira nkhani ya chipembedzo. Pafupifupi uthenga uliwonse umatchula ayah ya 32 ya Surah Al-Ma'idah, yonena za kukula kwa mphotho ya wopulumutsa moyo, kenaka n'kutseka nkhani ngati kuti palibenso china choti n'kufunsa. Ayah imeneyi ndi yoona ndi yolemera, koma maulama sanaigwiritse ntchito yokha poweruza nkhaniyi. Anayang'ananso hadith imene mayi wathu Aisha (R.A) anaifotokoza, yoletsa kuthyola fupa la womwalira. Anayang'ana mfundo yakuti thupi ndi amana imene tinasungitsidwa, ndi mfundo yakuti vuto lalikulu limaloleza zina zimene zikanaletsedwa. N'chifukwa chake mayankho awo sanafanane. Mufti Muhammad Shafi wa ku Pakistan anakana kusamutsa ziwalo za munthu, ndipo ophunzira ambiri amene anatsata sukulu yake akugwirabe maganizo amenewo. Bungwe la maulama a fiqh la Muslim World League, litakumana ku Makkah mu 1985, linalola kuti munthu wamoyo apereke chiwalo, koma linaika malire: woperekayo asavulazidwe mwa njira yosokoneza moyo wake, apereke mwa kufuna kwake, pasakhale njira ina yochiritsira wodwalayo, ndipo madokotala akhale ndi chiyembekezo champhamvu kuti opaleshoniyo itheka. Mu 1988, International Islamic Fiqh Academy itakumana ku Jeddah inalola kutenga chiwalo cha womwalira ngati mwini wake analola asanafe kapena alowam'malo ake avomera, ndipo inaletsa kugulitsa ziwalo.

Malire amenewa ndiwo mtima wa fatwa. Kampeni imene ikutenga chilolezo n'kusiya malirewo ikupatsa anthu theka la chiweruzo. Ikubisanso kuti pali maulama olemekezeka amene anakana. Munthu wa kumudzi akamva pa foni kuti Chisilamu chonse chinavomera, kenaka sheikh wa pamzikiti pake n'kumuuza kuti alipo amene anakana, amene amataya chikhulupiriro cha munthuyo ndi wa kampeni. Kukanakhala bwino kunena zonse poyera: kuti mabungwe akuluakulu ambiri a fiqh analola, kuti ena anakana, zifukwa za mbali zonse ndi izi. Msilamu si mwana woti abisiridwe kusiyana maganizo kwa maulama. Takhala nako kusiyanaku pa nkhani ya kuona mwezi, ndipo mizikiti sinagwe.

Chofooka chachiwiri n'chakuti mauthenga ambiri anasokedwa pa thupi la anthu ena. Ku Britain nkhaniyi ili ndi maziko ake. Mu 1995 bungwe la Muslim Law Council, lotsogozedwa ndi Dr Zaki Badawi, linatulutsa fatwa yolola kupereka ziwalo, ndipo mu 2019 Mufti Muhammad Zubair Butt anatulutsa ina yofotokoza nkhaniyi mwatsatanetsatane. Mu Meyi 2020 lamulo la ku England linasintha, kotero kuti munthu wamkulu amatengedwa kuti analola kupereka ziwalo zake akamwalira pokhapokha atalembetsa kukana. Msilamu wa kumeneko ayeneradi kusankha, chifukwa kuli kaundula, kuli madokotala ochita opaleshoniyi, kuli odwala amene akudikira pa mndandanda. Kwathu kuno zinthu zili mwina. Wodwala wofunika kuikidwa impso amatumizidwa kunja, kawirikawiri ku India, pamodzi ndi m'bale amene adzam'patse impsoyo. Choncho kuuza gogo wa ku Malindi kuti alole ziwalo zake zidzatengedwe akadzamwalira ndi kumupempha chinthu chimene palibe wodzachilandira. Chimene chimatsala mumtima mwake ndi mantha okha, akuti mwina janaza yake idzachedwa, kapena thupi lake lidzafika kwa osambitsa litang'ambidwa.

Funso lenileni la m'mbali mwa nyanja ndi la wamoyo. Makina osefa magazi, amene madokotala amawatcha dialysis, m'zipatala za boma akhala kwa zaka zambiri ali ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwa dongosolo lake, wodwala amene impso zake zasiyiratu kugwira ntchito amafunika kukhala pa makinawo katatu pa sabata, pafupifupi maola anayi ulendo uliwonse, mpaka atapeza impso ina. Kwa munthu wa ku Monkey Bay kapena ku Namwera, zimenezi zikutanthauza kusiya ngalawa, munda ndi ana, n'kukakhala mlendo m'tauni kwa nthawi yosadziwika mapeto ake. Ngakhale amene waikidwa impso sanamalize ulendo, chifukwa amamwa mankhwala moyo wake wonse oti thupi lisaikane impsoyo. Kampeni imene sikutchula mtengo wa thiransipoti, malo ogona ndi mankhwalawa ikulankhula za denga nyumba ilibe maziko. Anzathu a ku Tanzania anayamba kuika impso pa chipatala cha Muhimbili mu 2017. Mawu amphamvu a kampeni akanapita kwa aphungu ndi ku unduna wa zaumoyo, kufunsa kuti ife tidzayamba liti, ndi kuti makina osefa magazi adzayandikira liti kwa anthu a kunyanja.

Chachitatu ndi liwu lenilenilo lakuti ziwalo. M'Chingerezi mawu a kampeni amamveka ofatsa, koma akatembenuzidwa m'Chichewa amagwera pa bala. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lino linaona abale athu achialubino akuphedwa ndi manda awo akufukulidwa chifukwa cha malonda a ziwalo, ndipo boma la Machinga linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango za opezeka ndi ziwalo za anthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera. Munthu amene anadutsa m'zaka zimenezi akamva mlendo akunena za kupereka ziwalo, khutu lake limamva zina. Wolemba uthenga amene sakudziwa zimenezi sanawadziwe anthu amene akulankhula nawo. Kunena kuti "kupatsa m'bale wako impso" n'komveka kuposa "kupereka ziwalo", chifukwa kukutchula chinthu chimodzi, munthu mmodzi ndi ubale.

Mantha a malonda nawonso ali ndi pogwira. Ku Pakistan alimi osauka, omangidwa ndi ngongole, akhala akugulitsa impso kwa alendo olemera, mpaka boma linakhazikitsa lamulo loletsa mchitidwewu. Ku Iran, kuyambira 1988, boma limalola kuti wopereka impso alandire ndalama, ndipo ambiri mwa operekawo ndi anthu osauka. Mu 2008 madokotala ochokera m'maiko ambiri anagwirizana pa chikalata cha Declaration of Istanbul chotsutsa malonda a ziwalo. Ife amene ana athu amapita ku Joni opanda mapepala okwanira, kukafuna ganyu iliyonse, tiyenera kumva chenjezo limeneli momveka. Kampeni yabwino ikananena mokweza kuti aliyense wokulonjezani ndalama posinthana ndi impso akukuitanirani ku haramu ndi ku ngozi.

Chachinayi, ndipo kwa ife n'chachikulu, kampeniyi imayambira kumapeto kwa nthenda. Imakamba za impso imene yafa kale, osakamba mokwanira za chimene chikuipha. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga ndizo zimawononga impso za anthu ambiri, ndipo zimachita zimenezi mwakachetechete kwa zaka, munthu akuyenda ndi kuswali bwinobwino. Malungo aakulu ndi kutsekula m'mimba kotaya madzi ambiri zikhoza kuimitsa impso mwadzidzidzi. Mankhwala opha ululu monga brufen ndi diclofenac, amene timagula pa okala n'kumamwa tsiku ndi tsiku msana ukamapweteka, amazivulaza, monganso mankhwala ena azitsamba osadziwika muyeso wake. Pamwamba pa izi, ife a kunyanja tili ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu pamene tikusamba, kuchapa kapena kukoka khoka, ndipo mazira ake amakhazikika m'chikhodzodzo ndi m'njira za mkodzo. Zaka zikamapita njirazo zimatha kutsekeka, mkodzo n'kubwerera ku impso ndi kuziwononga. Mnyamata wokodza magazi akudwala, ngakhale ena amati ndi chizindikiro cha kukula. Mankhwala ake, praziquantel, amagawidwa ulere m'sukulu. Uthenga wa impso umene sukutchula likodzo kwa anthu a ku Mangochi ndi ku Salima waiwala nyanja imene ili pakhomo pawo.

Pomaliza, kampeniyi imayamikira wopereka koma simuteteza. M'maiko ambiri, ochuluka mwa opereka impso ali moyo ndi amayi, pamene ochuluka mwa olandira ndi abambo. Tikudziwa momwe nkhani zimayendera pa mbumba. Akuluakulu akakhala pansi, maso onse amatha kugwera pa mlongo wosakwatiwa, pa mkazi wa wodwalayo, kapena pa mphwake amene analipiriridwa fizi ndi malume ake. Munthu wotereyo akhoza kunena kuti walola pamene mtima wake ukulira. Maulama a ku Makkah anaika kufuna kwa mwini ngati limodzi la malire a chilolezo, ndipo kulola kochokera m'manyazi sikukwaniritsa malirewo. Wokana asatchedwe wouma mtima, ndipo wolola ayezedwe bwino ndi kusamalidwa akabwerako.

Kudzudzula kampeni sikutipatsa ife danga lokhala chete. Pali zambiri zimene zili m'manja mwathu. Masheikh athu akhoza kuphunzira zigamulo za 1985 ndi 1988 pamodzi ndi zifukwa za okana, kuti banja likabwera ndi funso lisabwerere ndi mphekesera. Makomiti a mizikiti akhoza kuitana azaumoyo kudzayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga Ijumaa ikatha. Amayi a dawa akhoza kuonetsetsa kuti ana a pamudzi amwa mankhwala a likodzo akafika. Wodwala impso asanamange Ramadhan afunse dokotala, podziwa kuti Shariah inam'patsa chilolezo chomasula. Ndipo pogawa zakaat, tikumbukire banja limene lagulitsa maukonde kuti bambo akhale pafupi ndi makina ku Blantyre, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa amene akutsogolera kampeniyi, pempho lathu ndi lakuti abwere kunyanja kuno adzamve kaye mafunso athu asanatipatse mayankho. Anene chiweruzo chonse pamodzi ndi malire ake, atchule likodzo, achenjeze za ogula impso, ndipo akagogode pa zitseko za amene ali ndi mphamvu zobweretsa makina ndi madokotala. Akatero adzatipeza okonzeka kuyenda nawo. Allah ndiye Wodziwa koposa, ndipo tikum'pempha kuti achiritse odwala athu.