Tinalawa nsima ya ku Ethiopia

Caka catha tinapita ku Johannesburg kukaona abale athu amene amagwira nchito kumeneko. Tsiku Lacisanu iwo anatitengera ku kanyumba kodyeramo ka anthu a ku Ethiopia, pafupi ndi kumene amagona. Tinalipo asanu.

Mayi wophika anabwera ndi mbale imodzi yokha, yaikulu ngati licero. Pambalepo anayalapo cinthu cotuwa, copyapyala, ca timaenje tambirimbiri. Ife tinayesa nsalu. Cimeneci ndico injera, nsima yao. Ufa wace ndi wa tefi, mbeu ya maso aang'ono kuposa mawere. Ufawo amauthira madzi ndi kuusiya masiku awiri kapena atatu kuti usase. Pambuyo pace amauthira paciwaya ndi kuuoca mbali imodzi yokha.

Titalawa tinayang'anana. Cowawasa! Amalume anati cakudya caola, tisalipire. Pamenepo analakwa. Kodi thobwa logonera timalitaya? Injera payokha siikoma, zoonadi. Koma mukanyema pang'ono ndi kukulungamo ndiwo, kuwawasa kuja kumaziziritsa tsabola ndipo dzanja limabwereranso m'mbale.

Akhristu a mpingo wa Orthodox ku Ethiopia sadya nyama, mazira ndi mkaka Lacitatu ndi Lacisanu. Motero pa injera panali timilu ta mphodza zofiira, masamba, kabici ndi mbatata. Pakati panali shiro. Anzathu, shiro ndi mbale wace wa cipere cathu! Ndi ufa wa nchana wophikidwa ndi anyezi, adyo ndi mafuta mpaka kuthithikana. Ndiwo imeneyi ndiyo yotsika mtengo, koma ndiyo inatha poyamba. Wophika anaidziwa nchito yace: siinali yamadzi, siinapserere.

Nkhuku ndiyo inatikhumudwitsa. Amaicula doro wot, ndipo tinaiitanitsa padera cifukwa ca kuchuka kwace. Munali nchafu imodzi ndi dzira limodzi, anthu asanu. Mtengo wace unaposa wa ndiwo zina zonse, ndipo tsabola wao, berbere, anaphimba kukoma kwa nkhuku. Ndalama ya abale athu, yopezeka ndi thukuta, inapita pacabe. Kitfo, nyama ya ng'ombe yosinja imene ambiri amaidya yaiwisi, tinaikana. Nyama yosapsa ingathe kupatsa munthu njoka za m'mimba.

Mwamuna wa patebulo lina anakulunga mbamu ndi kudyetsa mnzace m'kamwa. Mwambo umenewu ndi gursha, ndipo ndi ulemu. Amalume anangoti, «Ine si mwana.»

Khofi anamukazinga ife tikuona, lubani akufuka, natipatsa ndi mbuliwuli. Tikadzabwererako tidzasankhanso Lacisanu, ndipo tidzaitanitsa shiro yowirikiza.