Njinga ya Bambo Kamkwamba

Anzathu akatifunsa filimu yoti banja lionere pamodzi utatha mgonero, timatchula The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, ngakhale tili nayo dandaulo.

Dandaulolo ndi Chichewa chake. Chiwetel Ejiofor, amene anaiwongolera n'kusewera ngati Bambo Trywell Kamkwamba, ndi wa ku Britain, ndipo Maxwell Simba, wosewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Anayesetsa ndithu, komabe mawu ena amatuluka opunduka, moti ana amaseka pamene pakufunika misozi. Khutu limapumako akamalankhula Lily Banda.

Chimene chimatibwezera ku filimuyi ndi njinga. Njala ya 2001 ndi 2002 yafika ku Wimbe m'boma la Kasungu, banja likudya kamodzi patsiku, ndipo mnyamata wochotsedwa sukulu chifukwa cha fizi akupempha bambo ake njinga, chuma chokhacho chotsala pakhomo, kuti aidule apangire makina oyendera mphepo. Bambowo akukana mwaukali, ndipo filimuyi siwaweruza. Tate aliyense amene mwana wake anam'pemphapo bwato kapena ukonde kuti ayesere nzeru zosadziwika adzawamvetsa, mwinanso kuwaikira kumbuyo.

Mapeto ake anawakometsera: makina oyamba a William anayatsa magetsi m'nyumba, pampu ya madzi inadza pambuyo pake. Izo sitikangana nazo kwenikweni. Koma ana aang'ono muwagoneke isanafike imfa ya galu uja, Khamba.