Matenda a Alendo: Kuwerenga Welcome to Our Hillbrow Pokumbukira Amalawi a ku Theba

Pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi pafupifupi 13,000 amene ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa anabwezedwa kwawo. Chifukwa chimene chinalengezedwa chinali chakuti anthu pafupifupi 200 mwa iwo anawapeza ndi kachirombo koyambitsa Edzi. Bungwe la eni migodi linapempha boma la Malawi kuti liziyeza magazi a aliyense wofuna kupita ku Theba, ndipo boma litakana, khomo la ku Joni linatsekeka. Polemba m'magazini ya African Affairs mu 1998, Wiseman Chijere Chirwa anaonetsa kuti Edzi inangokhala chophimbira: migodi inali itayamba kale kufuna antchito okhazikika a m'dziko momwemo.

Mbiri imeneyi ndi khomo labwino lolowera m'buku la Phaswane Mpe lotchedwa Welcome to Our Hillbrow, limene linasindikizidwa mu 2001. Bukuli silikhazikika pa Amalawi, koma limafukula maganizo omwewo amene anapitikitsa anyamata a ku Theba, akuti Edzi ndi katundu wobwera ndi mlendo. Phindu lake pa ntchito yodziwitsa anthu za mliriwu lagona pamenepa. Mpe sakuphunzitsa njira zimene kachirombo kamafalira. Akuonetsa mmene mphekesera zokhudza kachiromboko zimafalira, ndi mmene zimapatsira anthu chitetezo chabodza.

Mwininkhani ndi Refentše, mnyamata wa m'mudzi wa Tiragalong amene anapita ku Johannesburg kukaphunzira nakhala ku Hillbrow. Nkhani ikamayamba n'kuti iye atadzipha kale, ndipo wofotokoza nkhani amalankhula naye mwachindunji pomutchula kuti "iwe". Kalembedwe kameneka kamachititsa wowerenga kumva ngati mlandu ukuzengedwa pamaso pake, ndipo sachedwa kuzindikira kuti iyenso ali m'gulu la oyankha. Anthu a ku Tiragalong amakhulupirira kuti Edzi inachokera m'maiko a pakati ndi kuzambwe kwa Africa, ndipo inafika ndi anthu amene iwo amawanyoza kuti makwerekwere. Imfa iliyonse imafuna woiyambitsa. Mayi a Refentše akuwotchedwa powaganizira ufiti, ndipo bwenzi lake Lerato likunamiziridwa kuti ndi mwana wa mlendo.

Wofalitsa bodza lokhudza Lerato ndi Refilwe, ndipo ndi pa iyeyu pamene mlembi wamangirira phunziro lake lalikulu. Refilwe akupita kukaphunzira ku Oxford, kumene akuzindikira kuti m'maso mwa eni dziko anthu ochokera ku Africa ndi alendo okayikitsa. Kumeneko akukondana ndi mnyamata wa ku Nigeria, ndipo onse awiri akudwala. Anthu akumudzi akanakonda kunena kuti mlendoyo ndiye anamupatsira, koma bukuli likuulula kuti aliyense wa iwo anali ndi kachiromboko kwa zaka zambiri asanakumane. Mwa njira imeneyi mfundo ya zachipatala, yakuti munthu angathe kukhala ndi kachirombo nthawi yaitali osaonetsa chizindikiro, yasanduka msana wa nkhani. Mdani amene mudzi unkamuyang'anira kumalire anali kale m'nyumba.

Mfundo yachiwiri ikukhudza olemba m'zilankhulo za mu Africa. M'kati mwa bukuli muli nkhani ina ya mayi amene analemba buku m'Chisepedi, osindikiza nalikana ponena kuti ndi lotukwana chifukwa linatchula ziwalo za thupi ndi maina ake. Mpe, amene ankaphunzitsa za zolembalemba za mu Africa ndi za kusindikiza mabuku pa yunivesite ya Witwatersrand, ankadziwa kuti mabuku a m'zilankhulo zimenezi amadalira msika wa m'sukulu, ndipo msikawo umafuna mawu ophimba. Mawu amene buku la sayansi la m'Chingerezi limawasindikiza mosavuta amasanduka chitonzo akalembedwa m'chilankhulo cha makolo. N'zosadabwitsa kuti buku la Mpe mwiniyo linatuluka m'Chingerezi.

Wowerenga wa Chichewa sangaone zimenezi ngati zachilendo. Kuchokera mu 1985, pamene wodwala Edzi woyamba anapezeka m'Malawi, matendawa anapatsidwa maina ambiri: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma, mwinanso kungoti matenda omwewa. Ena ankawasokoneza ndi kanyera kapena tsempho, ndipo pamaliro mwambo unali wonena kuti malemu anadwala nthawi yaitali. Ichi n'chifukwa chake zinamveka patali mu 2004 pamene Bakili Muluzi, ali mtsogoleri wa dziko, anaulula kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi. Amalawi amene ankalozedwa chala ku Joni, kwawo nawonso ankaloza chala madalaivala a malole, amayi a m'mabala ndi obwera kuchokera kunja. Mwambi umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza nzeru zatsopano; m'zaka za mliri kalumoko kanayamba kuopedwa. Kuphimba dzina la matenda ndi kukankhira matendawo kwa mlendo ndi njira ziwiri zothawira chinthu chimodzi, ndicho kukayezetsa magazi.

Kuti zimene Mpe analemba sizinali za ku Hillbrow kokha, umboni wake uli ku Ekurhuleni, kuvuma kwa Johannesburg. Ku Thokoza, m'mbali mwa msewu wa Khumalo, kuli mahositelo amene anamangidwira amuna obwera kudzagwira ntchito atasiya akazi ndi ana kumudzi. Makhalidwe otere, olekanitsa mabanja kwa miyezi yambiri, ndi amodzi mwa amene anathandiza kachirombo kufala m'chigawo chonse cha kumwera kwa Africa. Vuto silinali mtundu wa munthu koma dongosolo la ntchito. Pakati pa 1990 ndi 1994, pa nkhondo ya okhala m'mahositelo ndi okhala m'nyumba za m'tauniyo, mlendo wodedwa anali nzika ya South Africa yomwe. Mu May 2008 zipolowe zolimbana ndi anthu a maiko ena zinayambira ku Alexandra nizifika ku Ekurhuleni, ndipo mwa anthu 62 amene anaphedwa m'dziko lonse, 21 anali nzika za South Africa. Dzina lakuti mlendo limasuntha, monga momwe Refilwe anaphunzirira ku Oxford.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Alendo amene likuwateteza salankhula kwenikweni. Wowerenga amamva zambiri za iwo koma zochepa kuchokera pakamwa pawo, kotero kuti munthu wa ku Theba wofuna kumvamo mawu ake angabwerere manjamanja. Chinanso n'chakuti Edzi m'bukuli ndi chigamulo cha imfa: Refilwe akubwerera ku Tiragalong kukadikira manda. Zimenezi n'zogwirizana ndi nthawi yake, pakuti mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma ku South Africa ndi ku Malawi mu 2004, chaka chimene Mpe anamwalira ali ndi zaka 34. Lero n'zodziwika kuti munthu womwa mankhwalawa mokhulupirika, mpaka kachirombo kosaonekanso m'magazi poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Mphunzitsi wogwiritsa ntchito bukuli ayenera kuwonjezera mfundo imeneyi, kuopa kuti mantha amene mlembi ankalimbana nawo angabwererenso kudzera m'buku lomwelo.

Komabe mankhwala sanathetse funso limene Mpe anasiyira olemba m'zilankhulo za makolo. Uthenga wa Edzi m'Chichewa wamveka kwambiri m'masewero a pa wailesi ndi pa kanema, monga Tikuferanji, amene cholinga chawo ndi kulangiza. Chimene chikufunikabe ndi nthano zazitali zolimba mtima kutchula thupi ndi maina ake ndi kuzenga mlandu mudzi wonse m'malo mwa wodwala yekha. Nkhani ya anthu 13,000 aja, amene anatsika kwawo atasenza chitonzo cha matenda amene ambiri mwa iwo analibe, ikuyenera kulembedwa m'chilankhulo chimene iwo ankalankhula m'mahositelo.