Chalichi ca njerwa ca ku Blantyre: tiyamike ciani, tikane ciani?

Abale atsogoleri a makalasi, ambiri mwa inu munaciona chalichi ca St Michael and All Angels ku Blantyre, ena pa ulendo wodzera pa Muloza, ena m'zaka za nkhondo pamene anthu athu anathawira ku Malawi. Nyumba nayonso imawerengeka monga buku. Tiyeni tsono tiiweruze: cabwino ndi citi, coperewera ndi citi, ndipo zimene amanena za iyo n'zoona kodi?

Tiyambe ndi zodziwika. Misyoni ya Blantyre inakhazikitsidwa ndi mpingo wa Church of Scotland mu 1876. M'busa David Clement Scott anafika mu 1881. Nchito yomanga inayamba mu 1888, ndipo nyumbayi inapatulidwa pa 10 Meyi 1891. Scott sanaphunzire za kamangidwe, ndiponso amisiri ake anali anthu a konkuno amene anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa anaumba pomwepo m'zikombole zamatabwa, n'kuziocha ndi nkhuni. Amene anawerenga amati mitundu ya njerwazo ifika 81. Pulani yathunthu panalibe. Amisiri ankayamba ayala njerwa zouma kuti aone ngati zikhala bwino, kenaka n'kuika matope.

Ubwino wa nyumbayi wagona pomwepo. Kukongola kwake kuli m'njerwa zenizenizo, osati mu utoto kapena pulasitala. Mizere, mauta a pamakomo ndi zipilala, zonse n'zoumba ndi manja. Nsanja ziwiri za kumaso sizifanana, ndipo kusafananako kumaonetsa anthu amene ankaganiza ali pa nchito. Pamwamba pali denga lozungulira ngati nkhali yovundikira. Nyumbayi yapirira mvula ndi dzuwa zaka zoposa 130. Amene amati dothi lathu n'lacabe popanda simenti apite akaone.

Koma tisangoomba m'manja. Maonekedwe ake onse anabwerekedwa ku machalichi akale a ku Ulaya. Kumeneko zipilala zocirikiza khoma kunja zinali ndi nchito yake: makoma anali aatali, odzala ndi mazenera aakulu, atasenza denga lamiyala lolemera. Ku Blantyre zinthu zomwezo anazipanikiza m'nyumba ya mamita 32 okha m'litali ndi 9 m'lifupi. Ndi nyumba yaitali, yopapatiza, yomangidwira anthu okhala cete pa mabenchi kumvera mlaliki mmodzi. Nanga makwaya athu, amayi a Mvano, ana ndi alendo a pa ukwati angakwanemo? Mpingo utakula, anacita kumanga holo yaikulu pambali pake. Apa pali phunziro kwa mipingo yathu ya kuno ku Milange imene ikusonkha ndalama zomangira. Nsanja n'njokongola inde, koma yambani mwawerenga anthu anu, mwaganizira mphepo yolowa m'nyumba m'mwezi wa Okutobala, ndi madzi otsika m'phiri la Tumbine pa dzinja.

Cina cofunika kucikana ndi mawu amene amabwerezedwa kawirikawiri, akuti ici ndico chalichi coyamba cokhazikika pakati pa mtsinje wa Zambezi ndi Nile. Ife a ku Zambezia sitingavomere. Quelimane ali kumpoto kwa Zambezi, ndipo chalichi cakale ca Nossa Senhora do Livramento cinamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, zaka pafupifupi zana Scott asanafike. Pa cilumba ca Mozambique pali kachalichi ka Nossa Senhora do Baluarte ka mu 1522. Ku Zanzibar a Anglican anayamba kumanga Christ Church mu 1873, pa malo a msika wa akapolo. Ku Ethiopia nako kuli machalichi osemedwa m'thanthwe a ku Lalibela, akale kuposa onsewa. Mawu aja akusonyeza kuti wolembayo ankangoona dera la Angelezi la kumtunda kuno. Ophunzira anu adziwe kuti cinthu cosindikizidwa m'buku naco cimafunsidwa mafunso.

Cacitatu ndico cotikhudza kwambiri. Ponena za nyumbayi, dzina lomveka ndi limodzi, la Scott. Koma mutu umodzi susenza denga. Ndani anaponda dothi? Ndani anasema zikombole? Amayi otunga madzi anali a mudzi uti? Mbiri yofala imangoti "anthu a kumeneko", basi. Sitikumunyoza Scott ai. Iye ankalemekeza cilankhulo cathu, ndipo mu 1892 anatulutsa dikishonale ya Cimang'anja. Anaphunzitsa madikoni acikuda, mmodzi wa iwo ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Maina a amene anadziwa kulemba anatsala, a oumba njerwa sitiwamva. Cosalembedwa cimapita ndi mwini wake kumanda.

Nanga ife titani? Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi kachalichi kake, ka njerwa zoocha kapena zosaocha, kena komangidwa anthu atabwerako ku Malawi pambuyo pa mtendere wa 1992. Omangawo ena akali moyo, mwinanso ali m'kalasi mwanu. Itanani mkulu mmodzi adzafotokoze: caka citi, dothi linakumbidwa pati, mmisiri anali ndani, malata anagulidwa bwanji. Lembani mawu ake pa bolodi: njerwa, cikombole, maziko, denga. Ophunzira awaduladule, nje-rwa, de-nga, kenaka aliyense alembe ciganizo cimodzi. Oyeza ayeze litali ndi lifupi, ndiwo masamu a tsikulo. Maina onse, a amayi omwe, alowe m'kope limene lisungidwe ndi kaundula wa mpingo.

Ndipo ngati akuluakulu agwirizana zogumula nyumba yakale kuti amange yatsopano, apempheni adikire sabata imodzi, kalasi lanu liyambe layeza ndi kulemba. Makope otere mutitumizire, tidzawasindikiza m'masamba ano.